Kodi Kuiwala Zilembo za tar ndi Tchimo?

Pa mapulogalamu a pa kompyuta amene akugwirabe ntchito mpaka lero, ndi ochepa amene ali achikulire kuposa tar, ndipo ndi ochepanso amene amachititsa akatswiri manyazi ngati imeneyi. Inatuluka m'chaka cha 1979 ku Bell Labs, m'dziko la America, pamodzi ndi Unix ya nambala 7. Ntchito yake ngakhale mwana angaimve: imasonkhanitsa mafayilo ambirimbiri n'kuwamanga mtolo umodzi, ndipo tsiku lowafuna imamasula mtolowo. Koma tamuuzani munthu amene wadya zaka khumi pa Linux kuti alembe lamulo lake osasuzumira paliponse. Amayamba waseka kaye, kenako dzanja limapita kumutu. Kodi ndi xzvf kapena xvfz? Kodi z uja afunika? Nanga kamzere kaja kakhalepo kapena ayi?

Vutoli n'lodziwika dziko lonse, moti mu 2013 wojambula zithunzi zoseketsa, Randall Munroe, analijambula. Bomba latsala masekondi khumi kuti liphulike, ndipo lingazime pokhapokha wina atalemba lamulo la tar lolondola kamodzi n'kamodzi, osafufuza pa Google. Anthu akuitana katswiri wa Unix kuti athamange. Katswiriyo wafika, waliyang'ana bombalo, basi n'kungopepesa.

Ku Mzuzu nkhaniyi si yachilendo. Sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu, imene inayamba kuphunzitsa mu 1999 ku Luwinga, ili ndi maphunziro a ICT komanso a kasungidwe ka mabuku ndi zolembedwa, ndipo ophunzira amene sanapeze malo ogona pasukulupo amachita lendi m'madera oyandikana nayo, monga ku Lupaso. M'tizipinda ta lendi timeneto ndi mmene ambiri amakumana koyamba ndi zenera lakuda la terminal, lopanda chithunzi chodina, longodikira kuti munthu alembe. Amene wakopera pulogalamu pa intaneti amaipeza ili m'fayilo yothera ndi .tar.gz. Amene akufuna kusunga pulojekiti yake ya chaka chomaliza pa fulashi amauzidwa ndi mnzake kuti, "Aise, ingoimanga ndi tar." Amafunsa zilembo zake, amalemba, zimatheka. Pakatha milungu iwiri zilembozo zauluka, ndipo amabwereranso kukafunsa, uku akudziona ngati mbuli.

Manyazi amenewo akubisa funso lakale kwambiri kuposa makompyuta. Kodi munthu amene amasuzumira m'buku nthawi zonse tinganene kuti chinthucho amachidziwa? Ndipo poti mutu sungasenze zonse, n'ziti zoyenera kukhala pamtima, n'ziti zoyenera kusiyira pepala? Aphunzitsi a kalasi ya ubatizo, mashehe a ku madrasa ndi anzeru a ku Girisi wakale onse analimbana nalo funso limeneli, ndipo zimene anapeza zikumukhudza wophunzira wa ku Lupaso kuposa mmene iye angaganizire.

Poyamba, chimene chimaiwalikacho n'chiyani kwenikweni? Aliyense amene anaonapo belo la kaunjika likutsegulidwa mumsika wa Mzuzu amadziwa kuti lisanafike panachitika ntchito ziwiri: wina anasonkhanitsa zovala pamodzi, kenako makina anazipanikiza mpaka mpweya wonse utatuluka. Pa Unix ntchito ziwirizi zili ndi eni ake osiyana. Tar imangosonkhanitsa, n'kulemba pamutu pa fayilo iliyonse dzina lake, kukula kwake, mwini wake, tsiku limene inasinthidwa komanso amene ali ndi chilolezo choitsegula. Sichepetsa kanthu, mtolo wake umakulako pang'ono kuposa zimene zili m'katimo, chifukwa zonse zimayalidwa m'zigawo za mabayiti 512. Kupanikiza ndi ntchito ya pulogalamu ina. Gzip, imene Jean-loup Gailly ndi Mark Adler anatulutsa mu 1992, imasaka mawu obwerezabwereza n'kuika kachizindikiro kolozera pamene mawuwo anaonekera kale, nzeru imene Abraham Lempel ndi Jacob Ziv anasindikiza mu 1977. Bzip2 ya Julian Seward inabwera mu 1996, xz n'kutsatira mu 2009. N'chifukwa chake dzina la fayilo limakhala ndi michira iwiri: .tar kusonyeza kuti ndi mtolo, .gz kusonyeza amene anaupanikiza. N'chifukwa chakenso amene amapanikiza nyimbo za MP3 ndi mafilimu poganiza kuti fulashi ipezako malo amakhumudwa. Zimenezo zinapanikizidwa kale, mulibe chotsala chofinya.

Chilembo chilichonse chili ndi ntchito yake. Pomanga mtolo umalemba c, pomasula umalemba x, ndipo pofuna kungoona zimene zili m'katimo osamasula umalemba t. Pa zitatuzi umasankha chimodzi chokha. Ukawonjezera v, tar imatchula dzina la fayilo iliyonse pamene ikugwira ntchito. Popanikiza, z wamng'ono amaitana gzip, j wamng'ono amaitana bzip2, J wamkulu amaitana xz. Ndiye pali f, amene amati dzina lotsatirali ndilo la mtolo. Choncho tar -czf ntchito.tar.gz ntchito imamanga foda yotchedwa ntchito n'kuipanikiza, ndipo tar -xzf ntchito.tar.gz imaibwezera mmene inalili. Zonse pamodzi ndi zilembo 8 zokha. Mwana wa sitandade 1 amaloweza zoposa pamenepa teremu isanathe. Nanga munthu wamkulu zimamuthawiranji?

Zimathawa chifukwa zilibe pogwira. Mu 1885 Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anadzichita yekha: ankaloweza timawu topanda tanthauzo n'kumayesa kuti tikhalitsa bwanji m'mutu, ndipo anapeza kuti gawo lalikulu limataika m'maola oyambirira omwewo, pokhapokha munthu azibwereza. Zilembo za tar n'zachibale ndi timawu ta Ebbinghaus. Wolankhula Chingerezi amagwirako pa mawu oti create ndi extract, ngakhale x sali n'koyambirira komwe kwa mawu akewo. Koma j wamng'ono alibe ubale uliwonse ndi bzip2. Chilembo b chinali chitatengedwa kale ndi ntchito ina. Kwa munthu amene anakulira m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, mtunda umawonjezekanso. Ndipo kubwereza kumene Ebbinghaus ankanena kulibe, chifukwa tar si chinthu chimene munthu amalemba tsiku lililonse. Amaifuna kamodzi pamwezi, nthawi zambiri ali pachangu.

Koma f yekha ali ndi mbiri yake. Mu 1979 mitolo inkalembedwa pa matepi akuluakulu a maginito, ndipo ndiko kunachokera dzina loti tar. Ukapanda kunena kanthu, pulogalamuyi inkathamangira ku makina a tepi. Chilembo f ndicho chinkaiuza kuti isiye tepi, ilembe m'fayilo. Ophunzira a lero sanaionepo tepi yotereyo ndi maso, koma akamalemba tar amaitsanzikabe ndi chilembo chimodzi.

Ndipo f yemweyo ndiye ali ndi msampha. Iye amameza chilichonse chimene chamutsatira. Pa GNU tar, imene ili m'makompyuta ambiri a Linux, ukalemba tar -cfz ntchito.tar.gz ntchito umapeza mtolo wosapanikizidwa wotchedwa z, pulogalamu ikudandaula kuti ntchito.tar.gz sikuipeza. Ukachotsa kamzere kakutsogoloko, zilembo zomwezo zimagwira ntchito bwinobwino, chifukwa kalembedwe kakale ka 1979 kali ndi malamulo akeake. Umenewo ndi msampha wongoseketsa. Woopsa ndi uwu: munthu akufuna kumanga mafayilo awiri, lipoti.txt ndi zolemba.txt, waiwala kutchula dzina la mtolo, ndiye walemba tar -cf lipoti.txt zolemba.txt. Tar sifunsa kuti kodi mwatsimikiza. Imatenga lipoti.txt ngati dzina la mtolo n'kulembapo pamwamba, ndipo lipoti lija lapita. Pali malo amodzi pamene imachita chifundo: ukaiuza kuti imange mtolo osatchula choikamo, imakana, n'kudzitcha yokha yamantha. Amene anaika uthenga umenewo ankawadziwa bwino anthu anzawo.

Wina wakale akanaona zonsezi akanati, ndinanena ine. M'buku lotchedwa Phaedrus, lolembedwa cha m'ma 370 Yesu asanabadwe, Plato anaika m'kamwa mwa Socrates nthano ya Theuth, mulungu wa ku Iguputo amene anapeka zilembo n'kupita nazo kwa mfumu Thamus. Theuth anazitama kuti zidzachititsa anthu kukhala anzeru ndi okumbukira. Mfumu inapukusa mutu. Inati zilembo zidzabala kuiwala, chifukwa anthu adzasiya kulimbitsa mitu yawo n'kuyamba kudalira zizindikiro zakunja, ndipo adzaoneka ngati odziwa zambiri pamene m'kati mulibe kanthu. Mu 2011 Betsy Sparrow ndi anzake anasindikiza m'magazini ya Science zotsatira zosonyeza kuti anthu akakhulupirira kuti kompyuta yasunga mfundo inayake, saikumbukira bwino mfundoyo, koma amakumbukira pamene angakaipeze. Thamus akanaomba m'manja.

Koma mfumuyi inalondola mbali imodzi yokha. Choyamba, maganizo ake afika ku Mzuzu lero chifukwa Plato anawalemba. Chachiwiri, ndipo ichi n'chachikulu, kuoneka wodziwa pamene m'kati mulibe kanthu si matenda a owerenga okha. Oloweza amadwalanso. Pali anthu amene anameza xzvf ngati liwu limodzi, ngati mawu a sing'anga, ndipo amalilemba mofulumira anzawo n'kumawasirira. Apatseni fayilo yothera ndi .tar.bz2, alemba xzvf yemweyo, kompyuta ikakana akuti fayiloyo ndi yoonongeka. Munthu wotereyu sanasuzumire paliponse, koma ndiye wanzeru wabodza amene Thamus ankamuopa. Mnzake amene amatsegula kabuku nthawi zonse, koma akudziwa kuti kumanga ndi kupanikiza ndi ntchito ziwiri za mapulogalamu awiri, ndiye mwini wake wa chidziwitsocho.

Mipingo inafika pa mfundo imeneyi kalekale, ngakhale siinenedwa kawirikawiri paguwa. A Presbateria a ku Scotland, kumene kunachokera Robert Laws amene anakhazika mishoni ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894, anali ndi katekisima wamfupi wa Westminster wa 1647, wa mafunso 107. A Dutch Reformed, makolo a Sinodi ya Nkhoma, anali ndi katekisima wa Heidelberg wa 1563, wa mafunso 129 ogawidwa m'masabata 52 a chaka. Mipingo yonseyi inkakhulupirira kuloweza ndi mtima wonse. Komabe palibe umene unalamula mkhristu kuloweza mabuku onse 66 a m'Baibulo. Unasankha. Pemphero la Ambuye, Malamulo Khumi ndi Chikhulupiriro cha Atumwi zinapita pamtima. Mndandanda wa maina a m'buku la Mbiri unatsala papepala, ndipo palibe mkulu wa mpingo amene anachotsedwa paudindo chifukwa choiwala dzina la mdzukulu wa Benjamini. Mbusa akamadalitsa ukwati amatsegula buku la dongosolo la mapemphero pamaso pa mpingo wonse, ndipo palibe amene amanong'ona kuti abusawa sanaphunzire.

Muyezo wa kusankhako unali wotani? Zimene zinapita pamtima ndi zimene munthu adzazifune pamene buku palibe, kapena pamene manja ndi maso sangathe kulitsegula: pa bedi la matenda, pamaliro usiku nyali itatha mafuta, pa nthawi ya yesero imene siidikira kuti munthu akatenge Baibulo kuchipinda. Mwa kunena kwina, ndi zimene kuziiwala pa ola lake kumabweretsa chionongeko chosabwezeka. Zinazo zikhoza kudikira.

Baibulo lenilenilo silidabwa kuti anthu amaiwala. Limayembekezera zimenezo ndipo limakonzeratu zothandizira. Salimo 119 lili ndi ndime 176 zogawidwa m'magawo 22, malinga ndi zilembo 22 za Chihebri, ndipo m'gawo lililonse ndime zonse 8 zimayamba ndi chilembo chimodzimodzi. Wolembayo ankadziwa kuti mutu wa munthu umafuna makwerero. Pa Numeri 15 Aisraeli akulamulidwa kusoka mphonje m'mphepete mwa zovala zawo kuti akaziona azikumbukira malamulo. Pa Deuteronomo 6 akuuzidwa kuti mawuwo akhale pamtima, ndipo m'ndime zotsatira zomwezo akuuzidwanso kuwalemba pa mphuthu za nyumba ndi pa zipata. Zonse ziwiri pamodzi, popanda kutsutsana. Kuiwala kumene Deuteronomo 8 akudzudzula n'kwa mtundu wina: munthu wakhuta, wamanga nyumba yabwino, ndiye waiwala amene anamutulutsa mu ukapolo n'kuyamba kunena kuti ndi mphamvu zake. Limenelo ndiye tchimo, kuiwala chimene zinthuzo zikutanthauza. Kapepala komata pa laputopu kolembedwa czf ndi xzf kali m'gulu la mphonje ndi mphuthu zija, ndipo mwini wake alibe chifukwa chokabisira mnzake akalowa.

Ndi zipembedzo zochepa zimene zinalemekeza kuloweza ngati Chisilamu. Ku madrasa a ku Mangochi, ku Machinga ngakhale mu Mzuzu momwemu, ana amabwereza ndime za Qur'an m'Chiarabu mpaka zitakhazikika, ndipo amene waloweza masura onse 114 amatchedwa hafiz, dzina laulemu waukulu. Komatu mbiri ya Chisilamu imasimba kuti Mtumiki Muhammad atangomwalira mu 632, pa nkhondo ya ku Yamama panafa anthu ambiri amene anali ataloweza Qur'an. Umar anachita mantha, n'kupita kwa Abu Bakr kukamuumiriza kuti mawuwo asonkhanitsidwe ndi kulembedwa malo amodzi. Ntchitoyo inapatsidwa kwa Zayd ibn Thabit. Anthu amene ankakhulupirira mtima kuposa wina aliyense ndiwo anaona kuti mtima umalowa m'manda pamodzi ndi mwini wake.

Anthu a ku Lupaso ndi Luwinga anaona mbali inayo ya nkhaniyi ndi maso awo. M'bandakucha wa Lachisanu, pa 18 Disembala 2015, moto unanyeketsa laibulale ya sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu. Mabuku oposa 40,000 anasanduka phulusa, pamodzi ndi makompyuta ndi mipando. Mabuku ophunzirira wamba angathe kugulidwanso kapena kupemphedwa kwa abwenzi akunja, ndipo ambiri anathandizadi. Koma cholembedwa chimene chinali ndi kope limodzi lokha, ndipo kopelo linali m'nyumbamo, sichigulidwa kulikonse. Sikanali koyamba m'dziko muno. Mu 1919 moto unaononga maofesi a boma la atsamunda ku Zomba pamodzi ndi zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za Nyasaland, ndipo olemba mbiri amapunthwabe pa dzenje limenelo. Nyumba yosungira zolembedwa za boma inadzakhazikitsidwa ku Zomba komweko mu 1947, zotayikazo zitapita kale.

Yeremiya 36 akusimba za moto wina. Mfumu Yehoyakimu inali ikuotha m'nyumba yake ya nyengo yozizira pamene anaiwerengera mpukutu wa mawu a mneneri Yeremiya. Akawerenga pang'ono, mfumu inkadula ndi mpeni n'kuponya pamoto, mpaka mpukutu wonse unatha. Mawuwo sanathe. Yeremiya anatenga mpukutu wina n'kuupereka kwa mlembi wake Baruki, nayambanso kutchula, ndipo anawonjezeramo ena. Ku Yamama pepala linapulumutsa mawu amene anali m'mitu, ku Yerusalemu mutu unapulumutsa mawu amene anali papepala. Amene amafunsa kuti chabwino n'chiti pakati pa kuloweza ndi kulemba akufunsa funso lolakwika, chifukwa chilichonse mwa ziwirizi chili ndi imfa yakeyake, ndipo chimodzi chimalondera chinzake.

Tikabwerera pa zenera lakuda lija ndi muyezo wa akatekisima, katundu woyenera kusenza pamtima amapepuka modabwitsa. Munthu ayenera kudziwa, ngakhale atadzutsidwa pakati pa usiku, kuti c amamanga ndipo x amamasula, chifukwa kusokoneza awiriwa kungathe kufafaniza mtolo umene amafuna kutsegula. Ayenera kudziwa kuti f amameza dzina lotsatira, ndipo ngati akumanga, chilichonse chimene chinali ndi dzina limenelo chiphwanyidwa. Ndipo dzanja lake lizolowere kulemba t lisanalembe x. Pali mitolo ina yomangidwa mosasamala imene ukaimasula imakhuthulira mafayilo mazanamazana mu foda imene waimamo, n'kulemba pamwamba pa ako amene ali ndi maina ofanana nawo. Lamulo la tar -tf limakuonetsa zonse usanakhudze kanthu, ndipo ukaona kuti zinthu sizili bwino umapanga foda yatsopano n'kuuza tar, ndi C wamkulu, kuti ikamasulire m'menemo. Zimenezi ndizo Malamulo Khumi a pulogalamuyi, ngakhale sakufika khumi. J wamng'ono ndi J wamkulu ndi maina a m'buku la Mbiri. Aiwaleni mwamtendere.

Chosangalatsa n'chakuti eni ake a pulogalamuyi anavomereza kale zimenezi. Kuyambira mu 2004, ndi mtundu wa 1.15, GNU tar imazindikira yokha kuti mtolo unapanikizidwa ndi chiyani, moti tar -xf imatsegula .tar.gz, .tar.bz2 ndi zina zotero popanda z kapena j. Mu 2008 anawonjezera a, amene pomanga amayang'ana mchira wa dzina n'kusankha yekha chopanikizira, choncho tar -caf ntchito.tar.gz ntchito imakwanira. Amene zilembo zimamusokoneza angathe kulemba mawu athunthu monga --create, --extract, --list ndi --file. Pa bash, pulogalamu imene imalandira malamulo pa terminal, kudina Ctrl ndi R n'kulemba tar kumabweretsa lamulo limene munthu analemba ulendo watha. Tanthauzo lake n'lakuti z amene ambiri amavutika kumukumbukira pomasula wakhala wosafunika kwa zaka zoposa 20, ndipo akupitirirabe kuphunzitsidwa kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, popanda wofunsa chifukwa chake. Miyambo ya m'makompyuta nayo ili ndi anamkungwi ake.

Ndipo Unix sinabadwe ngati chipembedzo cha oloweza. Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anatulutsa buku lake loyamba la malangizo mu Novembala 1971, ndipo mpaka lero bukulo limakhala m'kompyuta momwemo. Kulemba man tar kumalitsegula, popanda intaneti, popanda bandulo. Ngati amene anapanga zinthuzi anadzilembera okha zokumbutsa, wophunzira wa chaka chachiwiri akudziimbiranji mlandu?

Pali chenjezo limodzi limene likukhudza Lupaso kuposa London. Munthu wa ku London akaiwala amafunsa foni, ndipo foni imayankha nthawi zonse. Kuno bandulo imatha, netiweki imathawa, magetsi amazima laputopu n'kutsala ndi batire la mphindi zowerengeka. Makina osungira mbiri ya odwala amene bungwe la Baobab Health Trust linaika m'zipatala zambiri za m'dziko muno ankayendera Linux, ndipo wophunzira wa lero mawa angathe kutumidwa ku chipatala cha kumudzi ku Rumphi kapena ku Mzimba kuti akatenge backup ya seva isanafe. Kumeneko ndiye pamaliro usiku nyali itatha mafuta. Mndandanda wa zoyenera kukhala pamtima umatalika kapena kufupika malinga ndi mtunda umene ulipo pakati pa munthu ndi buku, ndipo kwa Mmalawi mtundawo nthawi zina umakhala wautali. Palinso ngozi ina kwa amene ali ndi netiweki yabwino: kukopera lamulo limene foni yapereka, n'kuliika pa terminal, mwinanso ndi sudo patsogolo, liwu limene limapatsa lamulo mphamvu zonse pa kompyuta, osamva chilembo n'chimodzi chomwe. Wotereyu sanaloweze ndipo sanamvetse. Wapereka makiyi a nyumba kwa mlendo. Foni ikumbutse munthu zimene amazidziwa kale. Akaona chilembo chachilendo m'yankho lake, ayambe watsegula man tar asanadine Enter.

Funso lomaliza silikhudzanso zilembo. Likhudza mtolo weniweniwo. Anthu ambiri akamanga ntchito.tar.gz n'kuiika pa fulashi mtima umakhala pansi, ngati kuti kusunga ndi kukumbukira n'chimodzimodzi. Si choncho. Mafulashi amaonongeka mwakachetechete, makamaka otchipa. Magetsi akazima kukopera kusanathe, fayilo imaoneka ili pomwepo ndi dzina lake, koma ndi yoduka. Ndipo kupanikiza kuli ndi mtengo wake: popeza gzip imalozera kumbuyo ku mawu amene anaonekera kale, malo amodzi akaonongeka pakati pa mtolo, kawirikawiri zonse za kutsogolo kwake zimataika nawo. Mipingo siikhulupirira kuti mawu ali m'mitima chifukwa choti anaphunzitsidwa kamodzi. Imawabwereza Lamlungu lililonse, ndipo hafiz amabwereza Qur'an moyo wake wonse kuti isamuthawe. Mtolo umene sunamasulidwepo chimangidwire palibe amene akudziwa ngati uli moyo.

Choncho kuiwala zilembo za tar si tchimo, ndipo amene amaseka anzawo chifukwa cha zimenezi aleke. Mlandu weniweni uli kwa amene amalemba lamulo limene sakulimva, ndi amene amasunga kope limodzi malo amodzi. Owerenga amene muli ndi mtolo pa fulashi, uikeni pa kompyuta lero, mulembe tar -tf ndi dzina lake, muone ngati maina onse atuluka mpaka kumapeto popanda dandaulo. Ukakhala wabwino, pangani kope lachiwiri, ndipo lisagone m'nyumba imodzi ndi loyambalo.